Mtedza ndi nandolo m'munda umodzi: yesani kaye pa mizere yochepa

Kuno kwa Santhe ambirife nandolo timamuona ngati mbewu ya anzathu a ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ine ndinayamba kumudzala mu mtedza nthaka yanga itaguga, kaufiti atadzaza m'chimanga. Koma sindinayambe ndi munda wonse, ndipo nanunso musatero. Dulani kagawo kakang'ono, muone ndi maso anu.

Sankhani malo pomwe nthaka ndi yofanana. Pewani pachulu, pansi pa msangu ndi pomwe panali khola, chifukwa pamenepo mbewu iliyonse imakondwa ndipo mudzatamanda nandolo pa ntchito yomwe sanagwire. Malowo muwagawe patatu, chigawo chilichonse mizere khumi yotalika mofanana, yotalikirana masentimita 75. Khomani zikhomo m'makona. Zikhomo zikhale za mtengo wolimba, poti ziyenera kukhalapo zaka ziwiri.

Chigawo choyamba dzalani chimanga monga mumachitira chaka chilichonse. Chachiwiri mtedza wokha. Chachitatu mtedza womwewo, kaya ndi CG7 kaya Chalimbana, ndipo pamzere womwewo ikani nandolo, mapando otalikirana masentimita 90, mbewu zitatu paphando. Ine ndimadzala Mwaiwathualimi chifukwa sachedwa kucha ngati nandolo wamakolo. Zonse dzalani tsiku limodzi, ndi mvula yoyamba yodzalira, ndipo kupalira kukhalenso tsiku limodzi. Mukakondera chigawo chimodzi, mwadzinamiza nokha.

Mu Januwale nandolo adzaoneka wonyozeka, ngati mtedza wamupondereza. Musamuzule. Amayamba pang'onopang'ono, akuzika mizu pansi pomwe mtedza sufika, n'chifukwa chake mbewu ziwirizi sizilimbana kwambiri. Mukakumba mtedza mu Epulo kapena Meyi, m'pamene iye amatambasuka, n'kumagwetsa masamba ake pamizere. Masamba amenewo ndi masangwi a mtedza musawotche. Akwirireni.

Vuto lalikulu kwathu kuno ndi mbuzi. Chimanga chikangochoka m'munda anthu amazimasula, pomwe nandolo akadali wamuwisi. Chaka changa choyamba zinandidyera pafupifupi theka, ndipo mtima unandiwawa kwambiri. Ikani zigawo zanu pafupi ndi nyumba, tchingani ndi minga, ndipo kambiranani ndi anansi komanso a mfumu mvula isanayambe.

Pokolola siyani mizere ya m'mphepete, muyeze ya pakati yokha. Yezani zouma, ndi ndowa imodzi yomweyo, chigawo chilichonse pachokha. Lembani mu kope: tsiku lodzala, masiku omwe mvula inadula, mbozi zinagwa liti, munapalira kangati, ndowa zingati. Ine kope langa amandilembera ndi mdzukulu wanga wa sitandade 7. Lembaninso zomwe amayi akunyumba anena za ndiwo ndi nkhuni za mitengo ya nandolo, chifukwa nazonso ndi zokolola.

Yankho lenileni limabwera chaka chachiwiri. Dzalani chimanga m'zigawo zonse zitatu, mbewu ya mtundu umodzi, feteleza wofanana. Kwa ine chimanga cha pomwe panali mtedza ndi nandolo chinabiriwira kuposa china, ngakhale kaufiti sanatheretu. Ngayaye zikayamba, itanani alangizi ndi anzanu a m'kalabu adzayende m'mizeremo, ndipo wina wa nthaka yamchenga akayesenso kwake.