Momwe mungaphatikizire mabuku a kampani yomwe mwagula ndi a kampani yanu

Kampani yanu ikagula masheya okwanira kulamulira kampani ina, IFRS 10, limodzi mwa malamulo a padziko lonse a kalembedwe ka mabuku a ndalama, imafuna kuti mabuku a makampani awiriwo aphatikizidwe ngati a bizinesi imodzi. Ndi zomwe Press Corporation imachita ndi National Bank komanso TNM chaka chilichonse.

Tiyerekeze kuti mwalipira K800 miliyoni pa masheya 80 mwa 100 aliwonse. Tsiku lowerengera ndi lomwe ulamuliro wabwera m'manja mwanu, osati lomwe munagwirana chanza. Ndalama za maloya ndi alangizi musaziphatikize pa mtengowo. IFRS 3, lamulo lokhudza kugula makampani, imati zichotsedwe pa phindu la chaka chomwecho, ngakhale zitakhala zowawa bwanji (ndipo maloya masiku ano satchipa).

Pofunika kudekha ndi pa fair value, mtengo womwe chinthu chingagulitsidwire pamsika lero. Mabuku a kampani yogulidwayo angaonetse chuma cha K700 miliyoni mutachotsa ngongole, koma nyumba zake zinalembedwa pa mitengo yakalekale, kwacha isanagwe. Muyenera kupeza mtengo wa lero. Ife valuer (woyesa mtengo wa nyumba) wina wotchipa anatipatsa lipoti la nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo osapondako n'komwe, anangofunsa kukula kwake pafoni. Ma auditor, ofufuza mabuku a ndalama, analikana, ndipo tinalipiranso wina wolembetsedwa. Choncho funsani chiphaso cha munthuyo, ndipo mupite naye nokha pamalopo. Onaninso anthu omwe kampaniyo inawakongoza: ngongole ina imangokhala dzina m'buku, mwini wake anasamuka kalekale. Mwayi wake IFRS 3 imapereka miyezi mpaka 12 yokonzera manambala oyambawo.

Tinene kuti chuma chakwera ndi K200 miliyoni, deferred tax (msonkho wodzalipira mtsogolo) titachotsa kale, n'kufika K900 miliyoni. Gawo la eni masheya otsalawo, non-controlling interest, ndi K180 miliyoni. Goodwill, ndalama yopitirira mtengo wa chuma cha kampaniyo, ndiye 800 kuphatikiza 180 kuchotsa 900, kutsala K80 miliyoni. Mukanadalira manambala akale aja, goodwill ikanatupa kufika K240 miliyoni, chinthu chomwe banki siingachilandire ngati chikole.

Kenako phatikizani mzere ndi mzere, katundu yense ndi ngongole zonse, osati gawo lanu lokha ayi. Fafanizani K800 miliyoni ija pamodzi ndi share capital (mpamba wa masheya) ya kampani yogulidwayo komanso phindu lomwe kampaniyo inasunga musanaigule. Ikapanga phindu la K100 miliyoni mutaigula, 80 ndi yanu, 20 ipite kwa eni masheya otsala aja.

Ngongole zapakati pa makampani awiriwo zifafanizidwe mbali zonse. Zikasiyana, kawirikawiri pali cheke kapena katundu yemwe akadali panjira. Phindu la katundu amene munagulitsana koma akadali m'sitolo lichotsedwenso. Goodwill muziiyesa chaka ndi chaka ngati yatsika mtengo potsata lamulo la IAS 36, pokhapokha ngati mukutsata IFRS for SMEs (malamulo a makampani ang'onoang'ono), komwe imachepetsedwa pang'onopang'ono.