Kupukuta foni kuti Android ayambe ngati watsopano

Foni ikayamba kulemera kapena kumangoima mutaika Android watsopano, musathamangire kwa okonza mafoni pa Chitakale kapena ku Limbuli ku Mulanje, mutha kuipukuta nokha, kutanthauza kufufuta zonse zili mufonimo (factory reset). Poyamba sungani zanu, zithunzi ndi nyimbo muziike pa memory card, ma chat a WhatsApp apite ku Google Drive, manambala akhale pa Gmail. Koma abale pasiwedi ya Gmail yomwe ili mufonimo ilembeni papepala ndithu, foni ikadzuka imatha kufunsa akaunti yomweyo ndiye mukaiwala imangokhala yotseka, ambiri amalirira pamenepa.

Batire ikhale yodzadza, paja kukagwa chiperoni kuno sola sachaja bwino ndipo foni kuthima ili pakati pa ntchitoyi ndi zoopsa. Chotsani memory card, lowani mu Settings, fufuzani Reset, dinani Erase all data. Ngati ikukanirira pa logo, ithimitseni kenaka gwirani Power ndi Volume Up limodzi, mafoni ambiri amatero, musankhe Wipe data/factory reset. Isiyeni imalize yokha, osaigwiragwira.

Ikayaka pangani update pa Wi-Fi, imadya bandulo kwambiri. Za ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money musadandaule, zili pa nambala yanu osati mufoni.