Kulembanso GCE: zimene makoleji amayang'ana pa pepala lanu

Koleji sifunsa chifukwa chimene munalemberanso mayeso a GCE, omwe ndi mayeso a Grade 12 olemba anthu amene sali pa sukulu. Imayang'ana nambala zimene zili pa pepala la ECZ, bungwe loyendetsa mayeso ku Zambia. Pa Grade 12, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 ndi 4 ndi merit, 5 ndi 6 ndi credit, 7 ndi 8 mwangodutsa, 9 mwalephera. Makoleji ambiri komanso UNZA (University of Zambia) amafuna ma credit asanu, ndipo kawirikawiri Chingerezi ndi Masamu zimakhala m'gulu limenelo. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: 7 wa Masamu kunyumba amamuombera m'manja, koma pa fomu ya koleji sawerengedwa ngati credit.

Musanalipire kalikonse, pezani chilengezo cha kosi imene mukufuna, muchiyike pambali pa zotsatira zanu, mulembe mzere pansi pa phunziro lililonse lomwe lili pa 7, 8 kapena 9. Amenewo ndiwo olembanso. Wofuna unamwino ayambe ndi Chingerezi, Masamu ndi Biology kapena Science. Zimapweteka kuona mwana akulembanso Religious Education kuti 5 akhale 3, pomwe Masamu akadali pa 8. Chaka chapita, ndalama za makolo zapita, chitseko chikadali chotseka. Maphunziro awiri kapena atatu okonzekera bwino amaposa asanu ndi limodzi ongothamangira.

Polembetsa pa senta ya GCE, onetsetsani nambala ya phunziro: Chingerezi ndi 1121, Masamu 4024, Biology 5090, Science 5124. Dzina lilembedwe monga liliri pa NRC (chitupa cha unzika) ndi pa satifiketi yoyamba, chilembo ndi chilembo. Pepala lina likati Mwale, lina Mwali, ofesi yolandira ophunzira imaona anthu awiri, ndipo kukonza zimenezi ku ECZ kumadya nthawi pamene tsiku lotseka mafomu likuyandikira.

Zotsatira zakale sizifufutika, choncho musazibise. Perekani mapepala onse awiri, kapena funsani ku ECZ ngati zotsatirazo zingaphatikizidwe.

Pamene kulembanso kumakhala ndi malire ndi pa makosi olimbirana, monga udokotala. Kumeneko credit yokha sikwanira, amawerenga mapointi powonkhetsa nambala za pa pepala lanu, ndipo ochepa ndiwo abwino. Makosi ena amatchulanso kuti ma credit apezedwe pa maulendo angati olemba mayeso. Funsani ku ofesi yolandira ophunzira musanalembetse ulendo wachitatu.