Galimoto ya dizilo kaioneni m'mawa injini ikadali yozizira

Alamu anga anagula Prado ya injini ya 1KZ chaka chatha kwa munthu wina konkuno ku Mzuzu. Wogulitsayo anati bwerani cha m'ma 2 koloko masana ndikhala nditatsuka, tinakapeza galimoto ikuwala, injini yotentha kale ikulira bwinobwino, alamu basi kupereka ndalama. Sabata siinathe, akuchokera ku Nkhata Bay pa zitunda zija singano ya temperecha inakwera madzi n'kuwira, amakaniko atamasula anapeza hedi inang'aluka kalekale. Zimandiwawa mpaka lero chifukwa inali ndalama ya penshoni. Nde ngati mukusaka ya dizilo yogwiritsidwa kale ntchito, kaya yochokera ku Japan yolowera pa Songwe kaya ya munthu wa ku Chibavi kuno, chitani izi.

Kuzizira kwathu kuno nkothandiza pa nkhani imeneyi. Muuzeni mwini wake kuti achimwene musailize, ndifika 6 koloko m'mawa. Mukafika tsegulani boneti mugwire injini ndi dzanja, ikakhala yofunda ndiye kuti ailiza kale, pangani naye tsiku lina. Injini yotopa ikatentha imabisa zambiri. Tembenuzani kiyi osaliza kaye, muone ngati nyali ya check engine yayaka, chifukwa ena amazula kababu kake, ikuyenera kuyaka kenako n'kuzima injini ikalira. Dikirani kanyali ka ma glow plug (otenthetsa mu silinda injini isanalire) kazime, lizani. Yabwino imalira kamodzi. Mnzanu aime kumbuyo ayang'ane ekizozi, utsi woyera pang'ono kwa masekondi ochepa palibe vuto, koma ukamapitirira uku ukununkha dizilo wosapsa ndi ma injector kapena compression yathawa. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo, mwina turbo mwina ma ring a ma piston. Wakuda bii mukaponda moto kawirikawiri ndi ma injector, EGR (valavu yobwezera utsi mu injini) yodzadza mwaye kapena air filter yotsekeka.

Injini ikulira choncho masulani chotsekera cha pothira oyilo, muchisiye pabowopo osamanga. Chikamangonjenjemera pang'ono zili bwino, koma chikamadumphadumpha utsi ukutuluka ngati m'phika wa mbatata wawira, ma piston ndi ma ring atha, imeneyo ndi overhaul. Yang'ananinso kunsi kwake, mukaona zoyererako ngati tiyi wamkaka madzi akulowa mu oyilo. Ndipo musanalize muja tsegulanitu radiyeta, muone ngati thovu likungotuluka osaleka injini ikulira, chimenecho ndi chizindikiro cha gasket kapena hedi. Chonde radiyeta yotentha osaitsegula, madzi ake amasupula nkhope.

Kenako dziwani kuti injini iliyonse ili ndi matenda ake, funsani dzina la injini osangoti Hilux kapena Navara. 1KZ ija ikangowira kamodzi hedi imang'aluka. D-4D ya mu Hilux, kaya 1KD kaya 2KD, ndi injini yabwino ine ndimaikonda, koma ma washer a pansi pa ma injector akayamba kudontha mwaye umalowa mu oyilo n'kukatseka kasefa kokokera oyilo mu sump, mosungira oyilo kunsi kwa injini, injini n'kunoka mwini wake asakudziwa kanthu. Mukamva kugogoda kwamphamvu ili yozizira kenako n'kuchepa ikatentha, kayezetseni ma injector. Timing belt yake imasinthidwa pa 150,000 km, funsani kuti anasintha liti, akamazengereza kuyankha werengerani ndalama ya belt pamtengopo. Navara D40 ya YD25 vuto lake ndi timing chain, imatamuka, mumamva phokoso ngati unyolo ukukwekwereka pa masekondi oyamba, ikaduka ma valve ndi ma piston amagundana.

Imene ndikufuna muchenjere nayo kwambiri ndi Mazda CX-5 ya 2.2 dizilo, chifukwa imakongola komanso mtengo wake pa intaneti umakopa. Ili ndi DPF, sefa ya mwaye mu ekizozi yomwe imadziwotcha yokha galimoto ikayenda mtunda wautali pa liwiro. Nde inu ulendo wanu ndi Katoto kupita ku Luwinga, kubwerera, kukatenga ana ku sukulu basi, kuwotchako sikumaliza, dizilo amatsikira mu oyilo n'kumusungunula, turbo ndi camshaft zimayamba kudyeka. Solani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, pamwamba pa full pali chilembo cha X, oyilo akafika pafupi napo uku akununkha dizilo isiyeni. Ngati simuyenda maulendo a ku Lilongwe kapena Karonga pafupipafupi, ine ndingati gulani ya petulo.

Nkhani ina ndi mafuta. Nthawi zimene dizilo amasowa zija anthu ambiri amathira wa m'zigubu, wina wosakaniza ndi palafini wina ali ndi madzi, ndipo injini zamakono za common rail, monga D-4D ija, sizipirira zimenezo ngati mmene injini yakale ya Toyota ya 5L imachitira. Pemphani amakaniko anu, anuanu osati obwera ndi wogulitsa, akhetse pansi pa fuel filter mu botolo loyera muone ngati muli madzi kapena dzimbiri. Aikenso makina a diagnosis awerenge ma injector onse anayi. Mileage ya pa dashibodi musaikhulupirire kwambiri, imabwezedwa, onani mmene chiwongolero ndi ma pedal zaperepesekera.

Poyesa osangozungulira pa roundabout n'kubwerera. Thirani mafuta ndi ndalama yanu, mukwere anthu atatu anayi, mutsike msewu wa ku Nkhata Bay kenako mukwerenso. Maso pa singano ya temperecha, isasunthe pakati pomwe yakhazikika, maso pa galasi kuona utsi, ndipo mvetserani ngati mphamvu ikuthawa mwadzidzidzi pakati pa chitunda kapena turbo ikulira ngati sairini. Mukabwerako imikani pamalo ouma muyale katoni pansi pa injini. M'mawa mwake pitaninso mukaone madontho pakatonipo, mufinye paipi yapamwamba ya radiyeta, ikakhala yolimba gwa injini itazizira usiku wonse ndiye kuti mpweya wa mu silinda ukulowa m'madzi, ndalama yanu bwererani nayo.