Momwe mungalembere uthenga wa commit ndi kuunikira code ya anzanu

Ophunzira ena a ku Chanco ayamba kutumiza code ku mapulojekiti a open source (amene code yake aliyense angaione ndi kuthandiza kuikonza) pa webusaiti ya GitHub. Code yake imakhala yabwino ndithu, koma uthenga wa commit, mawu ofotokoza zosintha zimene mwasunga mu pulogalamu ya git, umangoti "update". Woyang'anira pulojekiti, amene nthawi zambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka akaweruka, alibe mpata wolota zimene mwachita.

Yambani ndi kuwerenga fayilo ya CONTRIBUTING.md, mmene mumakhala malamulo a pulojekitiyo. Mapulojekiti ena, monga Linux, amafuna mzere wa Signed-off-by wokhala ndi dzina lanu, umene mumauika ndi git commit -s.

Kenako lembani git diff muone zonse zimene mwasintha. Ngati mwakonza vuto la deti pa fomu, n'kusinthanso mtundu wa batani, zimenezo ndi ntchito ziwiri. Zipatuleni ndi git add -p, iliyonse ikhale ndi commit yakeyake.

Mzere woyamba wa uthengawo ukhale waufupi, wa zilembo pafupifupi 50, ndipo uyambe ndi mneni wolamula: "Fix leap year check on birth form". Dumphani mzere umodzi. Pansipa ndi pamene ambiri amathamangira, chonsecho mpamene pagona nkhani. Zimene mwasintha diff ikuonetsa kale, koma chifukwa chake mukuchidziwa ndinu nokha. Mwachitsanzo, fotokozani kuti fomu imakana 29 February 2024 chifukwa code inkawerenga masiku 28 mu February chaka chilichonse, ndipo nenani mmene mwayesera. Munthu wodzafufuza ndi git blame, imene imaonetsa amene anasintha mzere uliwonse, patapita zaka zitatu adzadalira mawu amenewa. Mizere isapitirire zilembo 72. Mukalemba "Fixes" ndi nambala ya issue (lipoti la vutolo), GitHub imaitseka yokha ntchitoyo ikalowa m'nthambi yaikulu ya code ya pulojekitiyo. Mukalakwitsa musanatumize, git commit --amend imakonza.

Tsiku lina mnzanu wa ku Chikanda adzakupemphani kuti muone pull request yake, pempho loti zimene wasintha zilowe mu pulojekiti. Musamangoyang'ana pa foni n'kudina Approve. Koperani nthambi yakeyo pa laputopu magetsi akadalipo, muiyendetse, muikemo deti lolakwika muone ngati igwa.

Ndemanga ikani pa mzere weniweni umene wakukayikitsani. Kungonena kuti "izi n'zolakwika" sikuthandiza munthu. Funsani kuti, "Nanga bokosili likasiyidwa lopanda kanthu, chichitike n'chiyani?" Muuzeninso zimene zili zofunika kukonza ntchito isanalowe, ndi zimene zili maganizo anu chabe. Ine ndimaona kuti Request changes, imene mumasankha pofuna kuti akonze kaye, ndi ya vuto lenileni, osati dzina la variable limene simunalikonde. Akakonza, bwererani msanga mukaonenso, asadikire sabata yathunthu.