Momwe mungasankhire sukulu ya Chithai ndi kupeza viza ya ophunzira ku Thailand

Viza yomwe dziko la Thailand limapereka kwa ophunzira imatchedwa Non-Immigrant ED, ndipo imatsamira kwambiri pa sukulu. Sukulu ndiyo imakupempherani chilolezo ku unduna wa zamaphunziro, ndiyonso imalemba kalata nthawi iliyonse mukafuna kuwonjezera masiku. Ikatsekedwa, kapena ikakufufutani m'kaundula wake, chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo chimathera pomwepo. Choncho musathamangire mafomu a viza musanakhutire ndi sukulu.

Choyamba: kusankha sukulu

Malo ophunzirira Chithai alipo a mitundu iwiri. Pali mayunivesite omwe ali ndi maphunziro a alendo, monga Chulalongkorn University ku Bangkok, komanso Chiang Mai University ndi Payap University mumzinda wa Chiang Mai kumpoto. Palinso sukulu za zilankhulo zomwe si zaboma, ndipo n'zambiri ku Bangkok, Chiang Mai, Phuket ndi Pattaya. Zimenezi ziyenera kukhala ndi laisensi ya unduna wa zamaphunziro, kudzera ku ofesi yoyang'anira sukulu zomwe si zaboma. Pemphani akutumizireni chithunzi cha laisensiyo. Sukulu yoona siikana, chifukwa pepala lomweli limafunikanso popempha viza.

Vuto lili pa sukulu zomwe malonda awo enieni ndi viza, maphunziro n'chiphimbamaso chabe. Mudzazizindikira ndi mayankhulidwe awo. Zimakuuzani kuti kubwera m'kalasi n'kufuna kwanu, kuti kaundula wa obwera "tidzakonza ife", ndipo pa tsamba lawo la pa intaneti mawu onena za viza amachuluka kuposa onena za aphunzitsi ndi mabuku. Thawani. M'zaka zaposachedwapa boma la Thailand lakhwimitsa kwambiri pa nkhani imeneyi, ndipo akuluakulu a imigireshoni amatha kukufunsani mafunso m'Chithai, kapena kukupatsani mawu oti muwerenge, mukapita kukawonjezera masiku. Munthu wakhala miyezi isanu ndi umodzi "akuphunzira" koma sangathe kunena dzina lake ndi komwe akukhala, akamuyankha chiyani wa imigireshoni? Amene amavutika pamenepo ndi wophunzira, yemwe fizi adalipira kale.

Musanalipire kalikonse, funsani zinthu izi ndipo mayankho akhale olembedwa pa imelo. M'kalasi mumakhala anthu angati? Maola ophunzira ndi angati pa sabata? Viza ikakanidwa amabweza ndalama zingati? Nanga ndalama zowonjezerera masiku zili mu fizi kapena n'zapadera? Funso la kubweza ndalamali musalitenge mopepuka, makamaka inu amene mwavutikira kupeza madola kuti mulipire kunja.

Funso lomwe ine ndimaliona lofunika koposa ndi ili: amayamba liti kuphunzitsa kuwerenga ndi kulemba? Chithai chili ndi zilembo zakezake. Makonsonanti ndi 44, ogawidwa m'magulu atatu, ndipo gulu la chilembo limathandiza kudziwa kakwezedwe kapena katsitsidwe ka liwu. Mamvekedwe a liwu amenewa alipo asanu, ndipo mukaphonya, tanthauzo limasintha. Mavawelo amalembedwa kutsogolo, kumbuyo, pamwamba kapena pansi pa konsonanti, ndipo pakati pa mawu sasiyapo mpata. Sukulu zina zimasunga ophunzira miyezi yambiri pa zilembo zathu zomwezi poopa kuwatopetsa. Zimakoma poyamba, koma wophunzirayo amakatsala osatha kuwerenga chikwangwani cha basi kapena mndandanda wa zakudya. Sankhani sukulu yomwe imakulowetsani m'zilembo zenizeni m'miyezi yoyambirira.

Wolankhula Chichewa ali ndi poyambira pabwino kuposa alendo ambiri. Chithai chimasiyanitsa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh monga momwe ife timachitira, ndipo chili ndi mawu oyamba ndi ng', omwe azungu ambiri amalimbana nawo kwa nthawi yaitali.

Chachiwiri: mapepala a sukulu

Mukalembetsa, sukulu idzafuna makope a pasipoti yanu, zithunzi, fomu yosainidwa ndi fizi, yonse kapena gawo lake. Pasipoti ikhale yoti sikutha m'miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi. Kunena zoona, ngati yatsala ndi chaka chimodzi chokha, ikonzeni kaye musananyamuke. Sukulu imatumiza mapepalawa ku unduna, ndipo kalata yovomereza imatenga masabata angapo. Tikiti ya ndege musagule panthawi imeneyi.

Chachitatu: kupempha viza

Pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia siili m'gulu la zolowa ku Thailand popanda viza. Ndiye malangizo omwe mungawerenge akuti "ingopitani ngati mlendo, mukasinthira konko" sadalembedwere inu. Pemphani viza ya ED musanachoke kwanu.

Ku Lilongwe kulibe ofesi ya kazembe wa Thailand. Zapafupi zili ku Maputo, Pretoria ndi Nairobi. Mwayi wake, kuyambira pa 1 Januwale 2025 maofesi onse a kazembe wa dzikolo amalandira mapempho pa intaneti, pa tsamba la boma la thaievisa.go.th. Mumatsegula akaunti, n'kusankha dziko lomwe mukukhala, ndipo pempho lanu limapita ku ofesi yoyenera. Mudzaikapo tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi, chithunzi chanu chatsopano, kalata ya sukulu, kalata ya unduna, umboni wa komwe mukukhala ndi sitetimenti ya ku banki. Maofesi ena amafunanso kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Dzina lilembedwe ndendende monga lilili m'pasipoti, chifukwa ndalama ya viza sabweza ngakhale pempho litakanidwa. Viza ikatuluka imabwera pa imelo; isindikizeni papepala.

Apa ndichenjeze mwamphamvu. Viza ya ED siilola kugwira ntchito. Wina akakulonjezani ntchito ya pa kompyuta ya malipiro onona ku Thailand, n'kunena kuti mulowe kaye ngati wophunzira kapena mlendo, dziwani kuti njira imeneyi yatayitsa anthu ambiri. Ena amatengedwa pa bwalo la ndege, kupita nawo ku Mae Sot, tauni ya m'malire a Thailand, n'kuwaolotsa mtsinje kulowa ku Myawaddy m'dziko la Myanmar, komwe amawakakamiza kubera anthu pa intaneti. Mu Febuluwale 2025 anthu oposa 250 adapulumutsidwa kumeneko tsiku limodzi, ndipo ambiri mwa iwo anali a ku Ethiopia. Lankhulani ndi sukulu inu mwini, osadzera kwa dobadoba.

Chachinayi: ulendo

Kuyambira pa 1 Meyi 2025 mlendo aliyense amadzaza khadi lolowera pa intaneti, lotchedwa TDAC, m'masiku atatu asanafike. N'laulere, choncho tsamba lililonse lofuna ndalama pa khadi limeneli si laboma. Ngati mukudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, nyamulani khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, popeza Ethiopia ndi Kenya ali pa mndandanda wa mayiko omwe Thailand amawayang'anitsitsa pa matendawa.

Chachisanu: mukafika

Pa bwalo la ndege adzakudindirani masiku 90. Onani tsiku lomwe alemba musanachoke pa kauntala. Mwini nyumba kapena hotela ayenera kudziwitsa a imigireshoni kuti mukugona kwake, pa fomu ya TM.30, pasanathe maola 24. Mupempheni risiti yake, chifukwa popanda iyo mukabwezedwa tsiku lowonjezera masiku.

Masiku 90 asanathe, sukulu imakupatsani mapepala okapereka ku ofesi ya imigireshoni pamodzi ndi fomu ya TM.7 ndi ndalama zokwana 1,900 baht (baht ndi ndalama ya ku Thailand). Ku Bangkok ofesiyi ili ku Chaeng Watthana, ndipo muyenera kulawira chifukwa mzere umatalika. Wa ku sukulu ya zilankhulo amamuwonjezera masiku osapitirira 90 ulendo uliwonse, mpaka chikwane chaka. Wa ku yunivesite akhoza kupatsidwa nthawi yotalikirapo pakamodzi. Kupatula apo, mlendo aliyense wokhalitsa amanena komwe akukhala masiku 90 aliwonse pa fomu ya TM.47, ndipo wochedwa amalipa 2,000 baht. Wopitirira tsiku lomwe adamudindira amalipa 500 baht pa tsiku mpaka 20,000 baht, ndipo akapitirira ndi masiku oposa 90 amaletsedwa kubwereranso kwa chaka kapena kuposerapo.

Kukagwa zovuta kumudzi, kapena mukangofuna kudumphira ku Laos kapena Cambodia pa tchuthi, musatuluke m'dzikomo musanatenge chilolezo chobwereranso, chomwe fomu yake ndi TM.8. Cha ulendo umodzi ndi 1,000 baht, cha maulendo ambiri ndi 3,800 baht, ndipo chimapezeka ku ofesi ya imigireshoni kapena pa bwalo la ndege la Suvarnabhumi ku Bangkok. Mukatuluka mulibe chidindo chimenechi, masiku anu otsala amafafanizika, ndipo muyenera kuyambiranso kupempha viza muli kunja.