Masiku anayi oyamba m'dzira: momwe mwanapiye amaumbikira ndi zomwe zimamuwononga

Alimi oswetsa mazira m'makina amayamba kudandaula pa tsiku la 21, akaona anapiye opunduka ndi mazira osaswa. Komatu ambiri mwa mavutowa amakhala atayamba kale pakati pa tsiku loyamba ndi lachinayi, nthawi imene mwanapiye amayamba kuumbika kuchokera ku kadontho chabe.

Kadonthoka mutha kukaona nokha. Swani dzira laliwisi m'mbale, mutembenuze chikasu chake pang'onopang'ono ndi supuni mpaka mupeze kachizindikiro koyera pamwamba. Kakakhala kozungulira bwino, ka mamilimita 3 kapena 4, kokhala ndi mkombero woyera, ndiye kuti tambala adagwira ntchito yake. Kakakhala kakang'ono kwambiri, kosalongosoka m'mbali, dziralo silingaswe ngakhale mutalisamala bwanji. Pamene thadzi likuikira, kadontho kabwinoko kamakhala kale ndi maselo (tizigawo ting'onoting'ono tomwe timamanga thupi) masauzande ambiri, chifukwa kugawikana kwake kudayamba dzira likadali m'thupi.

Maselo onsewa ali ndi DNA yofanana ndendende. Selo lodzakhala diso ndi selo lodzakhala chikhadabo anyamula malangizo amodzimodzi. Chowasiyanitsa ndi majini omwe ayaka ndi omwe azima mwa lililonse. (Majini tikunenawa ndi tizigawo ta DNA tonyamula malangizo a chibadwa, osati mizimu ayi.) Woyatsa ndi wozimitsa ndi mapuloteni apadera omwe amakakamira pa DNA, ndipo iwowa amamvera mauthenga ochokera ku maselo oyandikana nawo. Selo limadziwa chodzakhala malinga ndi pomwe lili, uthenga womwe lalandira, kuchuluka kwake, ndi nthawi yomwe wafika. Uthenga ukafika mochedwa, selo limakhala litadutsa kale pomwe likadaumva.

Dzira likangofundidwa, pakadontho paja pamayamba kujambulika kamzere, ndipo pofika maola 18 kapena 19 kamakhala katakwana. Maselo amatsetserekera m'kamzereka n'kupanga zigawo zitatu zosanjikizana. Chapamwamba chimapanga khungu, nthenga, ubongo ndi mitsempha ya uthenga. Chapakati chimapanga mafupa, minofu, mtima, impso ndi magazi. Chapansi chimayala mkati mwa matumbo ndi mapapo, n'kupanganso chiwindi. Kumutu kwa kamzereka kuli kamfundo ka maselo komwe kamatsogolera zonse. Mbali yakumanzere yokha ya kamfundoka ndi yomwe imapitiriza kuyatsa jini yotchedwa Sonic hedgehog, iyo n'kuyatsa ina yotchedwa Nodal kumanzere komweko, ndipo m'menemo ndi momwe mtima umadziwira mbali yopindikira.

Tsiku loyamba likamatha, chigawo chapamwamba chimayamba kupindika ngati chubu chomwe chidzakhala ubongo ndi mtsempha waukulu wa uthenga wodutsa mkati mwa fupa la msana. M'mbali mwa chubuchi mumaphuka timibulu tiwiritiwiri, peyala imodzi pa mphindi 90 zilizonse, ndipo m'timibuluti ndi momwe mumachokera mafupa a msana, nthiti ndi minofu. Nthawiyi imasungidwa ndi majini omwe amayaka n'kuzima mobwerezabwereza ngati wotchi, zomwe zidaonetsedwa koyamba m'mazira a nkhuku mu 1997. Gulu lina la majini, lotchedwa Hox, ndi lomwe limauza kabulu kalikonse ngati kali pakhosi, pachifuwa kapena kumchira. N'chifukwa chake nkhuku ili ndi mafupa a khosi 14 pomwe mbewa ili ndi 7. Mtima umayamba kugunda pa tsiku lachiwiri, ndipo pa lachitatu mapiko ndi miyendo zimatumphuka ngati timatuza.

Wotchi imeneyi imayendera kutentha, ndipo apa ndi pomwe mlimi amalowererapo. M'makina okhala ndi fani, sungani madigiri 37.5 mpaka 37.8. M'makina opanda fani, pimani pamsinkhu wa pamwamba pa mazira, papezeke pafupifupi madigiri 38.5. Kutentha kukapyola m'masiku oyambawa, ziwalo zimakula mothamanga mosagwirizana, chubu chija chimalephera kutsekeka kumutu, ndipo mudzapeza anapiye a ubongo wapamtunda, opanda diso, kapena a matumbo otulukira kunja. Kukacheperako pang'ono, kaumbidwe kamangochedwa ndipo kuswa kumapitirira tsiku la 21. Mwa ziwirizi, kutentha kopyola ndi koopsa kwambiri. Musakhulupirire nambala yolembedwa pagalasi la makina yokha. Ikanimo chopimira kutentha china, muyatse makinawo tsiku lathunthu musanaikemo mazira, muone ngati ziwirizo zikugwirizana. Makina asakhale pomwe dzuwa limawomba kudzera pawindo.

Mazira odikira kulowa m'makina asungidwe pa madigiri 12 mpaka 16, mbali yosongoka ili pansi, masiku osapitirira 7. Malo otentha masana n'kuzizira usiku amachititsa mluza kuyamba n'kuima, kuyamba n'kuima, mpaka kufooka. Musanawaike m'makina, asiyeni maola angapo m'chipinda kuti asachite thukuta pachigoba.

Kutembenuza kuyambe tsiku loyamba. Makina odzitembenuzira okha amapendeka madigiri 45 uku ndi uku ola lililonse. Ngati mukutembenuza pamanja, lembani X mbali imodzi ndi O mbali ina ndi pensulo, mutembenuze katatu kapena kasanu patsiku kuti dzira lisagonere mbali imodzimodzi usiku uliwonse. Sabata yoyamba ndi yofunika koposa: dzira losatembenuzidwa, mluza umamatirira kuchigoba ndipo mitsempha ya magazi siyala bwino. Lekani kutembenuza pa tsiku la 18. Chinyezi chikhale 50 mpaka 55 peresenti, ndipo chikwere kufika 65 kapena 70 masiku atatu omaliza. Amene mumafukiza makina ndi mankhwala ophera tizilombo a formaldehyde, musatero mazira ali pakati pa maola 24 ndi 96.

Pali mbali ina yomwe makina sangakonze, ndiyo chakudya cha mathadzi. Dzira likaikiridwa latsekedwa, chomwe mulibe mulibe. Vitamini A ndi chitsanzo chabwino, chifukwa mluza umamusandutsa uthenga womwe umayatsa ena mwa majini a Hox. Akasowa, mtima ndi mitsempha ya magazi siziumbika bwino, ndipo mluza umafa m'masiku oyambirira. Kusowa kwa mchere wa manganese kumabweretsa miyendo yaifupi yonenepa ndi mlomo wopindika. Kusowa kwa riboflavin (vitamini B2) kumaoneka pa tsitsi la mwanapiye lomwe limakhala timabulumabulu m'malo mofutukuka. Chakudya cha nkhuku zoikira mazira odya sichikwanira nthawi zonse pa nkhuku zoswetsa, ndiye fufuzani chokonzedwera zoswetsa, muyambe kuzipatsa milungu ingapo musanayambe kutola mazira.

Pa tsiku la 7, unikani mazira ndi tochi yowala m'chipinda chamdima, mutagunditsa tochiyo kumbali yobuntha. Dzira lamoyo limaonetsa kadontho kakuda ndi mitsempha yofalikira ngati miyendo ya kangaude. Loyera mbee mkati monse lidalibe tambala, kapena mluza udafa usanapange magazi. Lokhala ndi mkombero umodzi wofiira lidayamba koma lidafa cha m'ma tsiku lachitatu, magazi n'kuthawira m'mphepete. Chotsani onse osakula, ndipo abwinowo asakhalitse kunja.

Mazira otsala pambuyo pa kuswa musangowataya. Aswereni panja mmodzimmodzi, mutavala magolovesi, mulembe zomwe mwapeza. Oyera ambiri okhala ndi kadontho kakang'ono kaja akuloza kwa tambala. Mikombero yofiira yambiri ikuloza ku kasungidwe, kugwedezeka panjira kapena kutentha kwa sabata yoyamba. Anapiye a ubongo wapamtunda akachuluka m'thireyi imodzi, ikani chopimira kutentha pamalo omwe thireyiyo idakhala, chifukwa nthawi zambiri imakhala yoyandikana ndi chotenthetsera.